Mabotolo Atatu ndi Kapu Yothyoka Khutu

Lachisanu. Magetsi apita mbandakucha,
ine ndili ku Avondale ndi madola khumi ndi asanu ndi awiri,
ndalama yomwe amalume anatumiza kuti ndigule buku la malamulo.
Bukulo lidikire. Malamulo sathawa.

Ndaima patsogolo pa shelefu
ngati nkhuku yachilendo, mwendo umodzi m'mwamba.
Mabotolo akundisuzumira ndi makosi awo aatali.
Awiri ndasankha poona mtengo,
lachitatu chifukwa papepala pake pali mbalame
yofanana ndi namzeze.
Lachinayi abweretsa Shingirai, akakumbukira.
Wapakauntala alibe chenji,
wandipatsa maswiti atatu, osandiyang'ana.

M'kombi mabotolo akugundana m'chikwama, ngwe, ngwe,
mayi wa yunifolomu ya mpingo wandiponyera diso.
Ndakhosomola. Ndakumbatira chikwama ngati khanda lodwala
mpaka kukatsika ku Mount Pleasant,
kumene jakaranda wathira msewu wonse utoto
ndipo maluwa akuphulika pansi pa nsapato.

Chipinda changa mukuchidziwa:
bedi, mpando umodzi, tebulo lotsimphina
lomwe ndalichirikiza ndi manotsi a chaka chatha.
Matambula agalasi ndili nawo awiri.
Ena amwera m'mabotolo a jamu,
ine kapu ya tiyi yothyoka khutu.
Ndatsuka zonse kawiri ndi madzi a m'ndowa
poti mpopi ukungopuma mpweya kuyambira Lachiwiri.

Rumbidzai anati tiwaveke mabotolo nyuzipepala,
lilime liweruze maso asanalowerere.
Ndiye loyamba lavala tsamba la mpira,
lachiwiri mitengo ya chimanga,
lachitatu nkhope za anthu omwalira.
Ndasintha. Ndaliveka malonda a nyumba.

Pafoni akuti vinyo amanunkhizidwa kaye,
amazunguzidwa, kenako munthu amatchula zipatso
zomwe sindinazionepo ngakhale pa Mbare.
Mphuno yangayi imadziwa masuku, bwemba,
nthochi yoiwalika m'chikwama,
fumbi likamenyedwa ndi mvula yoyamba.
Ndinena zimenezo. Aseke akafuna.

Chotsegulira ndilibe.
Bambo Madzivanyika, eni nyumba, andibwereka
msomali wopota ndi pulayala,
ati ndibweze zonse, ndi kadontho pamwamba.
Tchizi ndadula timabenthu tating'ono
kuti tioneke tambiri. Mtedza ndakazinga papulaimasi,
wina wapserera, ndaudya ndekha.

Popukuta tambula ndi pomwe andibwerera
agogo aamuna, bambo a amayi,
omwe anachoka ku Dedza ali mnyamata
kudzaphika m'nyumba za ku Highlands.
Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi akuthira vinyo,
jekete loyera, dzanja lamanzere kumsana.
Botolo lililonse ankalidziwa dzina ndi chaka,
koma pakamwa pawo sipanagwe dontho.
Ndili mwana ku Mufakose ankandiphunzitsa ndi Mazoe:
Lonjezo, tambula umagwira kumwendo,
usadzaze, siya malo oti fungo likhalepo.
Ndinkaseka. Ndinkafuna yodzaza.

Dzuwa lalowa kuseri kwa mpanda.
Ndayatsa makandulo awiri, limodzi lalifupi.
Jenereta ya oyandikana nawo yayamba kutsokomola.
Pageti mawu a Anesu akukangana ndi galu,
Rumbidzai akuseka, Shingirai wabwera manja lende,
ati anaiwala, koma wabweretsa ludzu.

Akhala pabedi, pansi, pa ndowa yovundikira.
Msomali walowa, pulayala yakoka,
chotsekera chatuluka theka, theka lagwera mkati.
Palibe kanthu. Tisefa ndi mano.

Ndayamba kuthira, pang'onopang'ono,
kusiya malo oti fungo likhalepo,
ndipo ndazindikira kuti dzanja langa lamanzere
lapita lokha kumsana.
Ndalibweza.
Ndagwira nalo kapu yanga yothyoka khutu,
ndakhala pansi pakati pa anzanga,
ndalawa.

Akuwawasa, agogo. Ngati bwemba wosapsa.
Ndithirenso.